Thumba la Mchenga

Mmisiri wa madenga uja atagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, madokotala anamusoka m'mimba tsiku lomwelo, koma fupa la ntchafu anati liyambe lakokedwa. Anamulowetsa kachitsulo pansi pa bondo n'kumangapo chingwe, chingwecho n'kudutsa pa kagudumu kumiyendo kwa bedi, ndipo kunsonga kwake kunkalendewera thumba la mchenga. Ntchito ya thumbalo inali kukoka mwendo osapuma kuti mafupa alunjikane.

Mkazi wake nkhaniyi sankaiona choncho. Iye ankaona mwamuna wake, munthu wothyoka kale, atamumangirira katundu ngati bulu.

"Mayi a mwana," bamboyo ankabuula anamwino akangotuluka, "likundizula mwendo thumbali. Kodi chisoni munachisiya kunyumba?"

Chisoni anali nacho, chochuluka kuposa nzeru. Ankakankha ndi phazi kampando kake kokhalira, pang'onopang'ono, maso ali pawindo, mpaka thumba litakhazikika bwinobwino pakampandopo. Chingwe chikangokhwepa, bambo tulo. Nsapato za anamwino zikamveka m'khonde, kampando kabwerera pamalo pake. Sabata yathunthu anachita ukatswiri umenewu, ndipo kunena zoona ankadzitama nawo mumtima.

Lolemba kunabwera adokotala a mafupa, omwe wodi yonse inkawatcha a Telala chifukwa ankayenda atakoleka m'khosi tepi yoyezera. Anayeza mwendo wabwino, anayeza wothyokawo, anabwerezanso. Kenako anawerama n'kuyang'anitsitsa kampando kaja. Pamwamba pake panali kamchenga kodontha pa kabowo ka thumba, kataunjikana ngati kamulu ka mchere wapamsika.

"Mpando uwu ndi wachifundo zedi," anatero a Telala. "Mwini wake ndani?"

Mayiyo anayamba kuwerenga mababu akudenga. Bambo nawo anagwidwa tulo tadzidzidzi.

"Mayi, mwendowu wafupika ndi zala ziwiri. Fupa likadali lanthete, tikhoza kuukokabe. Koma likauma chonchi, amuna anuwa adzayenda mopendekeka moyo wawo wonse, makwerero azidzangowaonera patali. Padenga sipakwera munthu wotsimphina."

Mawu amenewo anamulasa mayiyo, chifukwa denga ndilo linkadyetsa ana atatu kunyumba. Manyazi anamugwira, mantha n'kubwera pamwamba. A Telala anawonjezera mchenga m'thumbamo n'kutuluka akuimba mluzu.

Sipanathe ola, nyimbo ya bambo ija inayambiranso.

"Mayi a mwana, akazi anga okongola, kampando kaja pang'ono chabe. Mphindi zisanu basi."

Mayiyo anadzuka n'kunyamula kampando. Nkhope ya bambo inawala. Koma mayiyo thumba lija analidutsa osalicheukira n'komwe, anakaika kampandoko kumutu kwa bedi, n'kukhalapo ndi thupi lake lonse, lomwe silinali lochepa.

"Pampando pali munthu, bambo."

"Ndiye mwasanduka anesi tsopano? Kani ndinakwatira mwala ine?"

"Tukwanani mmene mungathere, ine ndili pompano."

Mayiyo anagwira dzanja lokhakhala la mwamuna wake ndi manja ake onse awiri, moti misozi itayamba kumutsika analibe choipukutira. Bamboyo anabuula, ananyinyirika, anafukula maina onse otsekemera a pachibwenzi chawo, ngakhale aja omwe mayiyo ankayesa kuti anaiwalika kalekale. Mayiyo zinkamupweteka kuposa mwini mwendo. Thumba linkalendewera m'malere, ndipo iye sanadzuke pampandopo.