Uthenga Wopanda Dzina

Mwala woyamba utagwa padenga la malata, Sellah Kamanga anagwetsa cholembera ndipo sanachitole. Anali m'kati mwa depoti ya feteleza wotsika mtengo kufupi ndi Lukwa, atakhala pathumba, laputopu ili pamwendo. A Simeon, kalaliki wa depotiyo, anali atangopiringidza chitseko. Kunja kunali khamu la alimi, ndipo onse ankafuna kulowa.

Linali Lachiwiri, pa 16 Novembala 2021. Mvula inali itagwa kale kamodzi, mbande za fodya zinali zitakula m'manazale, ndipo lole inali itabweretsa matumba okwanira tsiku limodzi lokha.

Ganizo lonse linali la Sellah. Zaka zonse za sabuside alimi ankagona padepoti, ena n'kusiya miyala pamzere kuti iwasungire malo. Iye ankalemba mapulogalamu a kompyuta kukampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe, ndipo anauza mabwana ake kuti zimenezi zithe: mlimi aliyense apatsidwe tsiku lake, alandire uthenga pafoni, abwere, agule, azipita. Anamuombera m'manja. Uthengawo anaulemba yekha, waufupi, waulemu: "Takulandirani. Tsiku lanu ndi Lachiwiri." Dzina sanaikemo. Ankaona kuti munthu wolandira uthenga pafoni yake safunika kuuzidwa kuti iye ndani.

Koma kuno foni si ya munthu mmodzi. Polembetsa, mabanja a mudzi wathunthu anapereka nambala ya mkulu wa mpingo, a kalabu ya fodya anapereka ya mlembi wawo. Uthenga wa mlimi mmodzi utafika, eni mafoniwo analengeza kutchalitchi kuti Lachiwiri ndi la onse. Anthu anabwera ndi ngolo ndi njinga. M'mawa, a Simeon atayamba kuika ziphaso pamakina, makinawo ankalola mmodzi n'kukana anansi ake onse. Ndipo poti anthu anauzidwa kuti asiye za miyala, panalibe wodziwa amene anafika poyamba.

"Mwagulitsa kwa mavenda!" anakuwa mwamuna wina kunja. "Tsegulani, mbava inu!"

Chitseko chinagwedezeka, fumbi n'kuyoyoka pamphuthu.

"Achemwali," anatero a Simeon motsitsa mawu, "chitsekochi ndinakhoma ndekha, ndikudziwa misomali yake. Sichifika masana."

Sellah anaimbira Cornelius Nkhoma, mkulu wake pantchito, munthu amene sankalola pulogalamu iliyonse kutuluka muofesi asanaiyese mpaka kutopa.

"Tseka makinawo," anatero Cornelius atamva zonse. "Bisala kuseli kwa matumba mpaka thandizo lifike."

"Kuseli kwa matumba ndi kumene akubwera, a Cornelius."

Mwala wina unagwa. Sellah anayang'ana pagalasi la laputopu chifukwa ankaopa kuyang'ana kuchitseko. Nambala zomwezomwezo zinkabwerezabwereza pambali pa mayina osiyanasiyana. Apa m'pamene anaona kuti khamulo silinali chipwirikiti chabe. Linali timagulu, ndipo kagulu kalikonse kanali ndi foni yake komanso munthu amene kamamumvera.

"A Cornelius, tisaitane munthu. Tiitane foni. Makina achite maere, aimbe foni imodzi, mwini foniyo abwere ndi anthu ake onse. Akatha, makina aimbe ina."

"Bwanji osangoimba ndiwe?"

"Ndikasankha ine ati ndadya za mavenda. Komanso makinawa akukana ziphaso zawo. Ndiyenera kusintha pulogalamu."

"Pano? Yosayesa?" anafunsa Cornelius. "Lemba, unditumizire. Usadinde chilichonse ndisanaone."

Sellah analemba mothamanga, akulakwitsa zilembo n'kumafufuta. Fungo la feteleza linkamuyabwa kukhosi. Kunja wina anayamba kumenya chitseko ndi chinthu cholemera, mwina goli la ngolo, ndipo a Simeon anayamba kukokera matumba kukhomo, akunong'ona pemphero. Sellah atatumiza, netiweki inazimirira. Inabwerera pamene thabwa lam'munsi la chitseko linang'aluka.

"Ganizo ndi labwino," anatero Cornelius, mawu ake ali phee ngati ali pamsonkhano. "Koma wauza makina kuti aimbe, sunawauze kuti adikire. Akaimba foni yoyamba apitirira. Mafoni onse alira limodzi."

Sellah anaona malo amene ankanenawo. Khamu lonselo likanauzidwa nthawi imodzi kuti lilowe, iye ataima pakhomo.

"Komanso aziyamba awerenga matumba otsala, asaitane gulu loposa katundu. Lemba zimene ndikuuze. Usakometse, ingolemba."

Cornelius ankatchula, Sellah n'kumalemba, kenaka n'kumuwerengera kuti amve ngati walemba zomwezo. Anayesa ndi foni ya a Simeon. Inalira nyimbo ya kwaya m'thumba mwawo, a Simeon n'kudzidzimuka ngati aponda njoka. Makina anaima, n'kudikira.

"Apa yayenda," anatero Cornelius. "Za kunjako sindingakulonjeze."

Panatsala kuuza anthu. Sellah anayang'ana a Simeon.

"Ine ayi, achemwali. Nkhope yangayi aida kuyambira m'mawa."

Onse awiri anachotsa matumba aja pakhomo, a Simeon n'kusolola mpiringidzo. Kuwala kunamuthobwa m'maso. Anthu akutsogolo anabwerera pang'ono, mwina chifukwa ankayembekezera bwana wamimba, osati mtsikana wowonda atakumbatira laputopu.

"Kamtsikana aka ndiye kakutizunza?" anatero mayi wina, ena n'kuseka mowawidwa mtima.

"Makolo anga," anayamba Sellah, koma mawu sanatuluke bwino. Anayambiranso mokweza. "Makolo anga, uthenga uja ndinalemba ndine, ndipo ndinalakwitsa. Feteleza alipo, sanagulitsidwe, koma sakwanira nonse lero. Aliyense aime pafupi ndi mwini foni imene analembetsa. Makina achita maere. Foni ikalira, gulu lonse la foniyo lilowa. Otsala mulandira tsiku lanu lero lomwe, ndi mayina anu."

"Makina omwe atikana aja ndiwo atisankhe?" anafunsa bambo amene ananyamula goli.

"Omwewo, bambo. Alibe m'bale kuno."

Panali kung'ung'udza. Kenaka wina anaitana dzina la mkulu wa mpingo wake, wina n'kuitana mlembi wa kalabu, ndipo khamulo linayamba kusuntha, kuphwasuka, kuunjikana timagulu pansi pa mitengo ndi pambali pa ngolo. Bambo wa goli sanasunthe. Anangolitsitsa pansi, dzanja lili pomwepo.

Sellah anadinda.

Kunali zii. Ankamva kupuma kwa ng'ombe kokha. Kenaka kumbuyo kwenikweni foni inalira, kamawu kakang'ono kosasa. Sellah sanayang'ane kumeneko. Anatchera khutu kudikira yachiwiri, ndi yachitatu, ndi phokoso la mapazi.

Sinalire ina.

"Ndi ya a Mervis!" anakuwa munthu wina. Mayi wachikulire wa duku loyera anakweza foni m'mwamba, ikulirabe, n'kuyamba kuyenda, anthu ake akumutsatira mmodzimmodzi. Khamu linawapatukira. Bambo wa goli naye anapatuka.

A Mervis anafika pakhomo n'kuima, chifukwa Sellah anali ataima pakati penipeni, akutcherabe khutu.

"Mwanawe," anatero a Mervis, akumugwira pamkono pang'onopang'ono, "watiitana wekha. Tasuntha tilowe."