Thalakitala ya pa Ukwati wa Agostino

Mlongo wanga Agostino ndi munthu wabwino, koma mutu wake uja, ha! Ngakhale pa tsiku la ukwati wake anandipsetsa mtima.

Bambo mfumu ankafika kutchalitchi chathu cha ku Zingalume mwa kamodzikamodzi, ndipo anali atanenetsa kuti dzuwa likafika pamutu akwera mthuthuthu wawo, za ukwati tidzaonana mvula ikatha. Mkwatibwi, Dailesi, ankadikira kwawo kutsidya la dambo. Womutenga anali amalume athu a Langton, pa thalakitala yobwereka.

M'mawa amalume anakwera monyada, napotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Zii.

"Giya ili pakati?" anafuula mkwati, chifukwa wailesi ya kaseti inali ikusokosera pabwalo kuyambira dzulo lake.

"Ukundiphunzitsa ine?" anatero amalume.

Anaviika kamtengo mu thanki, dizilo anali tho. Anagogoda sitata ndi sipanala, osatheka. Amayi anayamba kunong'ona kuti ndi ntchito ya mnyamata wina amene Dailesi anamukana. Akatekisiti anawaza madzi odalitsa mpaka matayala. Ine ndinkangoganiza za mwana wa eni atakhala pamphasa ndi velo lake.

Potsiriza amalume anatsegula kabokosi ka batire. Munalibe kanthu! Mawaya awiri ali lendelende.

Tonse tinatembenukira kumene kunkachokera nyimbo. Agostino anayamba kukanda pansi ndi nsapato yatsopano.

"Ndimati anthu avineko pang'ono, amalume."

"Chitsiru iwe!" ndinakalipa. "Ukwatira wailesiyo?"

Anabwezera batire, koma inali itathera m'chiuno mwa anthu. Sitata inangoti kete, basi.

"Aliyense amene anavina, akankhe!" analamula amalume.

Tinakankha, azimayi zitenje zili m'chiuno, mkwati ali mu suti, mpaka pa mtsetse wa kudambo. Thalakitala inatsokomola, inalavula utsi, kenaka inabangula. Amalume anakuwa ali pa liwiro kuti saizimitsanso, zivute zitani.

Amalume anabwera naye Dailesi, bambo mfumu atamanga kale chikwama pa mthuthuthu. Thalakitala anaiimika pakhomo penipeni pa tchalitchi ikulirabe, poopa kuti ikazima tigona pomwepo. Malata ankanjenjemera. Bambo mfumu anafunsa mafunso awo mokuwa, ife tinangoona milomo ya Dailesi ikugwedera, ndipo tinaimba nthungululu.

Ali ndi ana asanu tsopano. Koma Agostino akangoyamba matama ake, mlamu wangayo amamuyang'ana n'kumufunsa mofatsa:

"Kodi inu bambo a Chikondi, alipo amene anandimva ndikuvomera?"

Ndipo mlongo wanga amangokanda pansi ndi nsapato, chifukwa ngakhale iye sanamve.