Mwala wa Arzella Crump

Mayi anga, Arzella Crump, anamwalira mu 1958, ndipo kumaliro kwawo sindinapite. Iwo ankaimba nyimbo za chamba chotchedwa buluzi m'nyumba za mowa za ku Mississippi, pomwe ine ndinali dikoni ku Memphis, munthu wa tayi, wonyansidwa ndi nyimbo za Satana. Kalata ya uthenga wa maliro itafika ndinaipinda n'kupita kukwaya. Zimenezi ana anga sindinawauzepo.

Patatha zaka makumi atatu, dziko linawakumbukira mayiwo. Kunabwera mphunzitsi wa ku yunivesite, Bambo Brandt, kudzandiuza kuti okonda nyimbo zawo agula mwala wa pamanda. Tinapita kumudzi pamodzi ndi mwana wanga wamkazi, Verdell.

"Bambo Crump, tilozereni pamene agona," anatero mphunzitsiyo.

Pakamwa ndinali napo, ndikanangoti sindikudziwa. Koma Verdell anali atandigwira mkono, akunyadira. Ndinayendayenda ngati wodziwa, n'kuloza mtumbira wopanda dzina pansi pa mtengo.

Tsiku lovundukula mwala kunadzaza anthu, ena ochokera ku Chicago, ena kutsidya kwa nyanja. Azimayi a m'mudzimo anakazinga milamba. Nyimbo zimene mayi anga anajambula kale zikumveka pa zokuzira mawu, ine ndinalankhula mpaka kugwetsa misozi, wopanda manyazi ine. Nditatsika, wina anandikoka jekete. Anali Mayi Odessa, mnzawo wa mayi, nkhalamba yoyendera ndodo.

"Iwe Lemuel, imvi zonsezi bodza sunasiye?"

"Tsitsani mawu, mayi, chonde."

"Nditsitsirenji? Apa pagona mwamuna wanga Cleophus. Munthu woti ngakhale mluzu unkamukanika, lero mwamulemba kuti mfumukazi ya buluzi!"

Verdell anali atamva zonse. "Adadi, simukudziwa pamene pali agogo?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinafunsa nkhalambayo kuti nanga mayi ali pati.

"Abusa anakana kuti woimba m'mabala alowe m'manda a mpingo," anatero Mayi Odessa. "Tinawachonderera kuti mwana wake ndi dikoni, akubwera. Anati chabwino, akafika iyeyo timulandira. Tinakudikira ndi bokosi padzuwa mpaka masana, anthu anayi okha. Sunabwere. Tinakamuika kunja kwa mpanda."

Anakweza ndodo n'kuloza paudzu pomwe alendo anaimika magalimoto.

"Mnzanga ali apo, pansi pa yobiriwirayo. Mwini wake ndani, wopanda ulemuyo?"

Galimotoyo inali yanga. Verdell sanandiyang'ane n'komwe. Anangotambasula dzanja kuti ndimupatse makiyi, akaichotse.