Mchere wa Nathaniel Oakshott

Ndinalota ndikukapereka uthenga wa maliro a mwamuna wanga, nkhuku yoyera ili kukhwapa. Danieli anali atagona m'manda a kwathu ku Namitete zaka ziwiri, koma duku lakuda linali likadali kumutu kwanga. Wamasiye amasudzulidwa ndi abale a mwamuna. Nanga ine akanandisudzula ndani? Danieli anabwera yekha kuchokera ku America kudzaphunzitsa masamu, makolo atatha kale, wopanda mbale ngakhale mmodzi. Chimene anasiya ndi katoni ya mapepala momwe ankasaka kholo lake, Nathaniel Oakshott, amene anachoka ku Mangalande pa chombo m'chaka cha 1682. Zaka makumi awiri kusaka munthu mmodzi. Ndinkamuseka kuti galu wathu akanamupeza msanga.

M'malotomo katoniyo inali pansi pa bedi monga mwa masiku onse, koma nditaitsegula munali masitepe. Ndinatsika. Pepala la mayina a anthu okwera chombo linatsika nane, likuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

"Mayi, musaponde mayina," linatero pepalalo. "Ena mwa iwo sanafike."

Masitepe onse anali olembedwa mayina, choncho ndinaponda m'mipata. Pansi penipeni panali munda wa fodya. Pepala linati kuno ndi ku Virginia, ku America, kenako linagona pansi. Fodyayo anali wonenepa ndithu, kungoti mphukira anachedwa kuchotsa. Kumapeto kwa munda kunali anthu akuda ngati ine, akupalira osadzutsa mitu. Ndinawapatsa moni. Mayi wina anayang'ana nkhuku, anayang'ana duku, n'kundilozera chigafa ndi mlomo.

M'chigafamo munali mzungu akusoka fodya. Sindinafunse dzina. Makutu aja otambalala ngati zogwirira za poto anali a Danieli enieni. Ndinagwada chapatali, cham'mbali, monga achitira mpongozi.

"Ndatumidwa ndi mudzi wathu," ndinatero. "Mdzukulu wa adzukulu anu, Danieli, anatisiya. Nkhuku ndi iyi."

Anaika singano pansi, koma manja sanatambasule.

"Apongozi, mwayenda mtunda. Koma ine sindingalandire. Uthenga wa maliro anga omwe sunafike kwathu. Ndinatuluka m'nyumba ndikunena kuti ndikukagula mchere kudoko, ndipo ndinakwera chombo osatsanzika. Mayi akudikirabe mcherewo."

Ndisaname, ndinapsa mtima. Mtundu wonse ndi womwewo. Danieli nayenso anatuluka m'mawa ati akukapopetsa njinga, n'kugwa panjira, tiyi wake ali pa tebulo.

"Ndiye tiyeni mukanene nokha," ndinatero.

"Wakufa sanena maliro ake."

Ananena zoona. Anatulutsa kansalu komanga mchere m'thumba la malaya n'kukaika pansi pakati pathu. Ndinakatola.

Kuseri kwa chigafa kunali nyanja yamchere ija imene Danieli ankandionetsa pa mapu, koma inali yopapatiza ngati ngalande ya m'dimba. Ndinakweza chitenje n'kuwoloka. Madzi analekeza m'maondo, ozizira mpaka m'mano. Kutsidya kunali msewu wa miyala, nyumba zothinana, fungo la nsomba ndi utsi wa malasha. Pakhomo lina panaima mayi, manja ali ufa wokhawokha. Anali wamng'ono kwa ine, wa zaka ngati makumi anayi. Maso ake sanali pa ine, anali kunjira ya kudoko.

"Odi," ndinatero, ndikugwada pa miyala.

"Lowani. Kodi simunakumane ndi mwana wanga m'njiramu? Buledi ndakanda kale, wangotsala mchere."

Sindinalowe. Mtima unandiuza kuti ndingonena kuti akubwera, ndisiye mchere, ndizipita. Ndinachita mantha. Kuuza mayi kuti mwana wake kulibe si ntchito yoti munthu n'kuizolowera. Koma nkhuku inandijompha pamkono, ndipo ndinayamba.

Ndinanena zonse mwa dongosolo. Kuti Nathaniel anawoloka, analima fodya, anakwatira, anatisiya. Kuti ana ake anabereka ana, onse ndi makutu omwewo. Kuti wotsiriza anafika kwathu, ankadya therere ndi supuni anthu akumuseka, ndipo pano wagona pansi pa mtengo wa masuku pafupi ndi bambo anga.

Mayiyo anamasula kansalu, analawa mchere, kenako analandira nkhuku ndi manja awiri. Misozi inatsika yokha.

"Anakalamba?"

"Nathaniel anakalamba, mayi. Danieli ayi."

"Munamusamala?"

"Ndinkamukalipira kwambiri. Koma ndinamusamala."

Anagwedeza mutu. Anaika nkhuku pansi, ndipo inalowa m'nyumba ngati ya pakhomopo.

"Weramani, apongozi."

Zala zake zozizira zinapeza mfundo ya duku kunkhongo kwanga. Apa ndi pamene ndinadzidabwa. Zaka ziwiri ndinali kudandaula kwa aliyense, kutchalitchi ndi kuchigayo komwe, kuti ndilibe wondisudzula. Tsopano wondisudzula atapezeka, dzanja langa linagwira dukulo zolimba. Likakhala kumutu ndinali ndikadali mkazi wa Danieli. Likachoka ndikhala yani?

"Mungondisiyirako sabata imodzi," ndinapempha.

"Ine ndaima pakhomo pano zaka mazana atatu," anatero mofatsa. "Buledi sanaphikidwe, ndipo ana enawo anakula ndisakuwaona. Musatengere ine. Mwalira mokwanira, takumasulani."

Anakoka pang'onopang'ono. Ndinalekerera chala chimodzichimodzi.

Ndinadzuka pakhonde dzuwa litapendeka, lichero la chimanga chomwe ndinkatong'ola lili pamiyendo. Mutu unali kuzizira. Duku linali pansi, mbuzi ya aneba ikulinunkhiza, ndipo pamene panali mfundo panali ufa woyera. Ndinaithamangitsa mbuziyo, ndinatola duku n'kulikutumula. Manja anakwera okha kumutu monga anazolowera, koma ndinawatsitsa. Ndinalipinda kanayi, ndinaliika m'katoni pamwamba pa pepala la chombo, ndipo ndinatuluka kukatunga madzi mphepo ikundiwomba m'tsitsi.