Tiyi Ankapserera, Lipoti Likuti Zili Bwino

Ine sindine munthu wotengeka ndi maloto, koma awa andikhala pamtima kuyambira Lachitatu.

Ndinalota ndili kufakitale ya tiyi komwe ndakalambira, pa makina oumitsira masamba. Kunabwera mayi wina wa makompyuta kudzaika pulogalamu yatsopano, ija imatenga yokha manambala a kutentha kwa makina n'kuwandandalika m'timabokosi. Anati yakale yatha ntchito. Atangodina batani, manambala onse anaima pomwepo, osasinthanso.

Kenako timabokosi tija tinatuluka m'kompyuta n'kuyalana pansi ponse ngati matailosi. Ndinalibe nsapato, ndipo tinkazizira kumapazi. Ndinamva fungo la tiyi wopserera, lowawa kukhosi. Ndinapisa dzanja m'masamba monga ndimachitira masiku onse, ndipo anandiotcha.

"Bwana, tiyi akupsa. Chepetsani moto," ndinawauza a manijala.

Iwo sanandiyang'ane n'komwe. "A Phiri, lipoti likuti zonse zili bwino. Khalani pansi."

"Dikirani, madala, pulogalamuyi ili pa theka kulowa," anatero mayi uja.

Ndinamuonetsa chikhatho changa chotupa. Anachigwira mwaulemu, n'kuchitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Pepani, zoterezi pulogalamu yatsopano siwerenga."

Ndinadzuka kukhosi kukuwawabe. Kaya ndi ukalamba, kaya ndi chenjezo, sindikudziwa. Koma pulogalamuyo akudzaikadi Lolemba, ndipo a manijala anena kale kuti ikayamba kugwira ntchito, sipafunikanso munthu woima pa makina oumitsira.