Mkamwini Wobereka Mwana

Utsi ndinauona ndili kudimba pa thiredo pampu yothirira mbewu, miyendo ikupalasa, manja akuswa mtedza m'lichero limene ndinalimangirira pamtengo wogwirira, mwana wanga Elena ali m'tulo kumsana kwanga. Unkafuka kumtunda, kumudzi, wakuda bii, ndipo mphepo ya mu Ogasiti inkaupendeketsa kuloza kuphiri. Poyamba ndinati wina akutentha mapesi. Kenako ndinayamba kuwerenga madenga kuchokera patchalitchi. Pamene panayenera kuoneka denga la khitchini yanga panali malawi.

Ndinalumpha kuchoka papampuyo, lichero n'kumasuka n'kugubuduka, mtedza wonse m'ngalande. Kuthamanga chitunda mwana ali kumbuyo si masewera. Dzanja limodzi linagwira matako a Elena, lina linagwira mfundo ya chitenje pachifuwa, chifukwa mfundo zanga sizinkachedwa kumasuka. Mwanayo anadzuka n'kuyamba kuseka, kuyesa kuti bambo ake apeza sewero latsopano.

Dzina langa ndine Levison. Kwathu ndi ku Linthipe, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wa kumapiri, kumtunda kwa Chimbiya, kumene chisanu chimaluma mpaka m'mafupa. Chaka chimenecho mkazi wanga Marita anasankhidwa kupita kusukulu ya uphunzitsi, atalembera katatu konse. Elena anali atangosiya kuyamwa. Atsibweni ake a Marita, a Anselmo, eni mbumba, anakanitsitsa. Anati mayi wa mwana wamng'ono malo ake ndi pakhomo. Ine ndinati mwanayo ndimulera ndine, Marita apite. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako analamula amayi onse a pambumba kuti asandithandize.

"Musiyeni," anatero. "Masabata awiri sakwana, apita yekha kukamutenga mkazi wake."

Panatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sindinapite.

Tsiku silinatalike chifukwa choti Marita wachoka. Dimba la kabichi linkafuna madzi ake, mbuzi zinkafuna msipu, mwana ankafuna phala, matewera ankadzaza ndowa ngati kuti m'nyumbamo muli ana atatu. Ndinaona kuti ndikamachita imodzi imodzi ndigonja, ndiye ndinayamba kuzisanjikiza. Matewera ndinkawanyika ndi sopo mu ndowa yotseka, n'kuimanga panjinga popita kumsika wa Chimbiya ndi kabichi. Mabampu a msewu wathu ankachapa okha, ine pobwera n'kungotsukuluza. Pampu inkathirira dimba n'kumagonekanso mwana, pakuti Elena sankalimbana nako kugwedezeka kuja. Korona ndinkapempherera pomwepo, miyendo ikuponda, ndipo sindinamvepo kuti kumwamba anadandaula. Nyemba ndinkazitereka m'mawa ndi madzi ambiri, n'kusonkhezera chikuni chimodzi chachitali choti chizinyeka pang'onopang'ono mpaka ndibwere masana.

Kunena zoona ndinkadzitama nazo. Anyamata a pabawo anandipatsa dzina lakuti Make Elena. Akandiitana choncho ndinkayankha kuti "Wawa," n'kudutsa pakati pawo mwana ali kumbuyo, ndowa pamutu. Mkati ndinkapsa mtima, koma ndinalumbira kuti sadzandiona nkhope itagwa.

Chimene chinandigwetsa ndi chikuni chija.

Nditafika pakhomo ndinapeza anthu atazungulira ndi zidebe, koma panalibenso choti apulumutse. Denga linali litagwera mkati. Mitolo ya udzu imene ndinasunga m'khitchinimo yofolerera nyumba inali phulusa, mphika wa nyemba utasweka pakati. Mwayi wake mphepo inkapita kuphiri, apo ayi nyumba yogona ikanapsanso. Ndinaima chilili, utsi ukundilowa m'maso, anthu akundiyang'ana ine m'malo moyang'ana moto.

A Anselmo anafika mosathamanga, manja kumbuyo. Anazungulira phulusalo kamodzi, n'kuima patsogolo panga.

"Akamwini, mwana akanakhala m'menemu bwenzi tikukamba zotani?"

"Mwana ali kumsana kwanga, atsibweni. Ndi kumene amakhala."

"Pakamwa ndiye mulipo." Anagwedeza mutu. "Mawa m'mawa pakhomo pa mlongo wanga. Mubwere ndi foni yanu. Marita akubwera kwawo sabata ino."

Apa ndiye mantha anandigwira, mantha enieni. Marita anali atatsala ndi masabata atatu kuti alembe mayeso otsiriza chaka. Akachoka asanalembe, malo ake atha, ndipo kachinayi sakanamutenganso. Ndinkamudziwa mkazi wanga. Bambo ake atamwalira anamulera ndi a Anselmo omwewa, ndipo chibadwire anali asanawayankhepo kuti ayi. Akangomva mawu awo pafoni akuti nyumba yapsa, mwana akuvutika, akwera minibasi tsiku lomwelo, mabuku n'kuwasiya pabedi. Madzulo amenewo ndinaphika phala pamafuwa atatu panja, ndikudzitukwana chamumtima. Foni inalira kawiri, Marita. Sindinayankhe, chifukwa kunama sindimatha ndipo zoona ndinkaziopa.

M'mawa kunali nkhungu. Ndinabereka Elena, n'kutenga lichero lina la mtedza. Wogula anali atanena kuti adzautenga Lachisanu woswaswa, ndipo sindinaone chifukwa choti manja anga akhale pamaondo m'mawa wonse pomwe mlandu umamveka ndi makutu.

Pakhomo pa apongozi anga a Magadalena panali patadzaza. A Anselmo anakhala pampando wa ndalema, amuna ena awiri a pambumba pambali pawo, amayi pamphasa chapatali. Apongoziwo sanaoneke, koma nsonga ya chitenje chawo inkasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Umo ndi mmene tinkakhalira. Zaka zinayi ndili pamudzipo tinali tisanakhalepo pamphasa imodzi kapena kuyang'anana m'maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire kumanzere, ine kumanja, moni n'kupatsana titafulatirana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Marita, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva. Ndi ulemu wa mkamwini ndi mpongozi wake, ndipo tonse awiri tinkausunga bwino.

Ndinakhala pansi, ndinawomba m'manja kupereka moni, kenako ndinayamba kuswa mtedza.

"Ikani pansi licherolo akulu akamalankhula," anatero a Anselmo.

"Ndikumva, atsibweni. Manjawa alibe mlandu."

Mayi wina anatsekera kuseka m'chitenje. A Anselmo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi zimenezitu zimene zawotcha khitchini. Munthu mmodzi, ntchito zisanu. Mwendo kudimba, dzanja kumsika, mutu kaya uli kuti. Dzulo ndi khitchini. Mawa mudzaiwala mwana padzuwa, kapena mudzam'patsa madzi a mankhwala a kabichi. Mwana ameneyu ndi wa mbumba yanga, akafa adzandifunsa ine. Ndipo mwatichititsa manyazi mokwanira. Ku Chimbiya anthu akuti mbumba ya Anselmo ilibe akazi, mpaka mwamuna kubereka mwana ngati namwali."

"Akazi alipo, atsibweni. Munawaletsa ndinu."

Ndinadziwa kuti ndalumpha malire, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sindinafune kuwabweza.

"Khitchini ndawotcha ndine," ndinapitiriza. "Sindikukana, ndipo ndimanga ina ndi manja omwewa. Koma tengani buku la kusikelo muone ngati mwanayu anatsikapo ngakhale mwezi umodzi. Pitani kudimba muone ngati kabichi wafota. Miyezi isanu ndi iwiri palibe anabwera kudzaona zimenezo. Lero mwabwera nonse kudzaona phulusa."

"Muimbireni Marita."

"Sindimuimbira."

"Mukukana ine?"

"Ndikukana, atsibweni. Pepani."

A Anselmo anaweramira kutsogolo. Mawu awo anatsika, ndipo ndi pamene ankaopsa kwambiri.

"Mukudziwa kuti pano munabwera ndi bulangete lokha? Mukhoza kulipinda lero lomwe, dzuwa lisanalowe muli kwanu ku Linthipe."

Mtedza wina unagwera pansi. Ndinautola.

"Ndilipinda. Mundipatse masabata atatu okha, Marita alembe mayeso. Akatuluka m'chipinda cha mayeso, mudzandipeza bulangete lili paphewa."

A Anselmo anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa foni yawo, n'kuitalikitsa kumaso kufunafuna dzina. Ndinayang'ana chala chawo chikutsika pang'onopang'ono. Ndinaganiza zowalanda foniyo, ndinaganiza zogwada. Zonse ziwiri sizikanathandiza. Elena ankandikoka khutu, osadziwa kanthu.

"Alongo."

Mawuwo anachokera kuseri kwa nkhokwe. Chala cha a Anselmo chinaima.

"Tamufunseni mkamwiniyo," anatero apongozi anga. "Mchira wa chikunicho unaloza kuti?"

A Anselmo anachita tsinya, koma funso la mlongo wawo pamaso pa anthu sakanalitaya. Anandilozera ndi chibwano kuti ndiyankhe.

"Unaloza kukhoma," ndinatero, ndikuyang'ana pansi. "Kumene kunali mitolo ya udzu."

"Mumuuze kuti mchira wa chikuni umaloza kukhomo. Moto ukamayenda nacho uzipita kumene kulibe kanthu. Ndipo pansi pake aziikapo mwala, chikaduka chigwere m'phulusa."

"Magadalena, sitinasonkhane kuti tiphunzitsane kuphika," anatero a Anselmo.

"Ine ndinaphunzira nditawotcha yanga," mawu aja anapitiriza, osakwera, osatsika. "Chaka chimene Marita anabadwa. Ndinali kumunda, khasu m'manja, iye kumsana, nyemba pamoto, chimanga chili pamphasa ndikuyembekeza kuti nkhuku zindimvera chisoni. Khitchini inapsa yonse. Munadzafolera ina ndinu, alongo. Msonkhano sindikuukumbuka."

"Iwe ndiwe mkazi."

"Motowo sunandifunse."

Amayi a pamphasa anayamba kusuntha. Wina anati chapansipansi, "Yanga inapsa kawiri." Wina anamugunda ndi chigongono.

"Ntchito zisanu nthawi imodzi tayamba kale ife, palibe anatiwerengera," anatero apongozi. "Ine ndinalekeza Sitandade 4 kuti ndilere ang'ono athu, inu mukupita kusukulu. Ndinamvera. Munati tisamuthandize mkamwini, mdzukulu wanga akudutsa pakhomo panga chitenje chili pakhosi ngati thumba la feteleza. Ndinamvera, mtima ukundiwawa. Koma mwana wangayo musamuimbire. Ndinam'bala ndine. Alembe mayeso ake."

Nkhungu inali itayamba kuyera. A Anselmo anayang'ana nkhokwe, anayang'ana amuna anzawo aja, koma iwo anali atapeza chochititsa chidwi pa zikhadabo zawo. Foni inakhala m'dzanja mwawo mpaka kuwala kwake kunazima. Anaibweza m'thumba.

"Khitchiniyo iime mvula isanagwe," anatero, osandiyang'ana. "Ndipo udzu musakapemphe kwa ine."

"Ndikamweta ndekha, atsibweni."

Ndinawomba m'manja, ndinanyamula lichero, n'kuimirira. Kabichi anali asanamwe madzi kuyambira dzulo. Koma poimirirapo mfundo ija inachita zake. Chitenje chinatsetsereka, Elena n'kutsikira m'chiuno, miyendo ili lendelende. Ndinawerama msanga, lichero m'dzanja limodzi, lina likufufuza nsonga ya nsalu, pamaso pa mbumba yonse. Ndinamva wina akuseka.

Kenako ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ndi fungo la utsi wa nkhuni.

"Musatembenuke," anatero apongozi anga. Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini.

Sindinatembenuke. Ndinaima chiweramire, maso ali pa zala za kumapazi kwanga. Manja awo anamukweza Elena mpaka mutu wake unafika pakati pa mapewa anga. Anakoka nsalu ya m'munsi n'kuipinda pansi pa matako a mwanayo, natulutsa timiyendo take mbali iyi ndi iyo. Nsonga imodzi anaidutsitsa paphewa langa lamanja, ina kunsi kwa khwapa lamanzere, ndipo zonse ziwiri zinafika pachifuwa panga, zala zawo zolimba ngati mizu zitazigwira.

"Kokani. Kokaninso, sasweka. Tsopano mangani kawiri."

Ndinamanga kawiri. Nditawongoka, mwana uja anapepuka ngati wachepa ndi theka. Miyezi isanu ndi iwiri ndinali ndikumunyamula ndi msana wokha.

Mapazi aja anabwerera kuseri kwa nkhokwe. Ndinatsika njira ya kudimba, lichero pamutu, manja onse awiri ali omasuka. Ndili pakati pa chitunda foni inalira m'thumba. Ndinaitulutsa ndikuyenda.

"Dzulo simunayankhe," anatero Marita. "Kunyumba kuli bwanji?"

"Khitchini yapsa, ndawotcha ndine. Mwana ali bwino, ndi uyu akundikoka khutu. Iwe werenga."

Anayamba kufunsa mafunso asanu nthawi imodzi. Ndinapanikiza foniyo pakati pa khutu ndi phewa, n'kukwera pampu. Madzi anayamba kutuluka mupaipi, Elena anatsamira tsaya lake pamsana panga, ndipo mfundo ija sinasunthe.