Kompyuta Youma pa Aleluya

Kale m'tchalitchi muja munali limba lopopa ndi mapazi, ndipo likasiya kulira aliyense ankadziwa kuti ndi makoswe. Lero limbalo anaunjikapo mipando yothyoka, woliza wake anatsikira kulichete, ndipo kwaya ya akuluakulu imayimba motsatira kompyuta. Ati chitukuko. Mphunzitsi wa kwayayo ankadana nayo kompyutayo, komabe ankaifunditsa nsalu ngati khanda.

Inali ndi nthenda imodzi. Pa nyimbo yawo yaikulu, akangofika pa Aleluya wachiwiri, inkauma gwa, kenaka n'kudzidzimuka n'kupitiriza. Miyezi inatha zili choncho. Koma Lamlungu lina inaumiratu, kwaya yonse n'kutsala kukamwa yasa pamaso pa mpingo.

"Zikachitikanso sabata yamawa," anatero abusa, "malo anu ndipereka kwa achinyamata a magitala."

Mphunzitsi anakwapatira kompyuta ija, ulendo kwa mlamu wake, wokonza makompyuta m'kachipinda kodzaza mawaya kuseri kwa sitolo ya nsapato.

"Alamu, mwabwera ndi mtembo kapena wodwala?"

"Wodwala. Ndipo achire, apo ayi mlongo wanga ndikamutenga."

"Mukamutenge lero lomwe, ndigoneko tulo. Imauma paliponse kapena malo amodzi?"

"Pa Aleluya."

"Ndiye ndi yachikunja."

Mlamuyo anaiyatsa, kutsegula ichi, kutsegula icho, zonse myaa. "Vuto likanakhala sisitimu, pulogalamu yoyendetsa kompyutayi, bwenzi ikuuma mwachisawawa, ngakhale polemba kalata," anatero. Kenaka analiza nyimbo ija, n'kukanikiza khutu la mphunzitsi pakompyutapo. Pa Aleluya m'kati munamveka tche, tche, tche.

"Mwamva? Ndi hadi disiki imeneyo, nkhokwe yake. Pamene panagona nyimbo yanu pali bala. Ikafika pamenepo imawerenga mobwerezabwereza, ngati inu mukaiwala magalasi. Mumaimenya?"

"Kuisisita mwamphamvu basi."

"Ndaona zala zanu pachivundikiropa."

Anaikamo disiki yatsopano, nyimbo n'kuikopera kuchokera pa fulashi imene mphunzitsi ankasunga m'thumba la jekete. Inalira kuyambira poyamba mpaka Amen osapunthwa. Mphunzitsi anabwerera akuyenda ngati wapambana mlandu.

Loweruka kwaya inakumana kuti iyeserere. Pa Aleluya wachiwiri kompyuta inadutsa ngati basi yodzaza, koma kwaya yonse inaima nji. Mkulu wa besi anakoka mpweya. Mayi wa aluto anatsokomola. Wina anakonza mpango. Pamene ankayambanso, kompyuta inali itafika kale ndime yachitatu.

"Mwaimiranji?" anakalipa mphunzitsi.

"Apa timapuma, aphunzitsi," anayankha mkulu wa besi.

"Palibe mpumulo pamenepa!"

"Ulipo. Ine ndimamezera malovu pamenepa chiyambire chaka chatha."

Anabwereza, anaimanso. Atawakakamiza kudutsa osapuma, mkulu wa besi maso anatong'oka, n'kukhala pansi akudzikupiza ndi buku la nyimbo.

"Kompyutayi inali yaulemu," anatero mayi wa aluto. "Inkadikira akulu. Mwaiwononga."

Mphunzitsi anatuluka panja n'kuimba foni. "Alamu, bwezeretsani nthenda ija."

"Mwati chiyani?"

"Disiki yakale ija. Ndikuifuna."

"Ndachirikizira chitseko. Alamu, anthu amabwera kuno kudzachira. Ndinu woyamba kudzapempha matenda."

Lamlungu achinyamata anakhala kutsogolo, magitala ali pamiyendo, akumwetulira ngati akudikira chuma chamasiye. Mphunzitsi anakokera kompyuta pafupi ndi mwendo wake. Nyimbo inayamba. Pa Aleluya wachiwiri anakweza dzanja lamanzere kumwamba, maso ali tsinzi ngati waona masomphenya, chala chakumanja n'kudina batani loimitsa.

Tchalitchi chonse zii. Besi anameza. Aluto anatsokomola. Mphunzitsi anadinanso, ndipo kwaya ndi kompyuta zinakafika pa Amen limodzi.

Potuluka abusa anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Kachetechete kaja kandilasa mtima, aphunzitsi. Ana amagitalawa sangaganize zozama choncho. Kwaya ndi yanu."

Mphunzitsi anagwedeza mutu modzichepetsa, ngati munthu amene anakaganizira kwa zaka. Ali mkati mopinda mawaya, mkulu wa besi anamukodola.

"Sabata yamawa mutalikitseko pang'ono. Lero sindinamalize kumeza."